Pasiwedi Yanga Yapita ku Chiweta

Lolemba

M'mawa. Chidziwitso chapadera kwa mtundu wonse wa Amalawi, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, kuphatikizapo mbuzi zimene zikudya mpanda wanga: kuyambira lero, ine ndili ndi pasiwedi.

Yabwera pa meseji kuchokera ku laibulale ya ku yunivesite kumene ndikuchita digiri yachiwiri ndili konkuno. Akuti ndikangoilemba pa laputopu, zolemba za akatswiri a dziko lonse lapansi zinditsegukira, ngakhale ndili muno m'chigwa cha Henga, kumene laibulale ya pasekondale yathu ndi kabati imodzi yomwe kiyi wake anapita ndi ahedi akale.

Pansi pa mesejiyo alembapo kuti: "Pasiwedi iyi ndi yanu nokha. Musapatse wina aliyense." Ndaseka. Ndipatse ndani? Mbuzi?

Nkhani ili apa. Lolemba likubwerali m'mawa, a Dokotala amene akuyang'anira kafukufuku wanga akufuna mutu wachiwiri, uja umasonkhanitsa zimene ena analemba kale pa nkhani yako. Wosapereka adikira gulu la chaka chamawa. Ana asukulu ali patchuthi, mayeso ndamaliza kuchonga, ndatsala ndi sabata imodzi yokha yaufulu. Ndikanapita ku Dedza kukaona mwana wanga Tadala, koma ndaimbira mng'ono wanga Chrissy, amene akumulera, kuti asandidikire. Ndinamusiya kumeneko pamene ndinkayamba sukuluyi, n'kulonjeza kuti ndikangomaliza ndidzamutenga. Mutu wachiwiri ukapita pa nthawi yake, Sitandade 1 adzayambira kuno, akugona pambali panga.

Kafukufuku wanga akufunsa funso limodzi: n'chifukwa chiyani ana a masiku ano sawerenga?

Dongosolo la sabata:
Lero mpaka Lachitatu, kuwerenga.
Lachinayi ndi Lachisanu, kulemba.
Loweruka, kukonza tizolakwika, ngati tingapezeke.
Lamulungu, kuvala nsapato zazitali zija n'kukathokoza Mulungu pabenchi yakutsogolo.

Masana. M'nyumba netiweki mulibe. Pakhonde imabwera kudzasuzumira n'kuthawa. Ndayendayenda laputopu ili m'mwamba ngati ndikugulitsa mandasi pawindo la basi, mpaka ndaipeza: imakhala pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, m'mbali mwa njira ya kuchigayo. Ndakwera ndi kampando kanga.

Yatseguka! Ndalemba mawu amodzi okha, yanditulutsira nkhani zambiri kuposa anthu a pamaliro a munthu wachuma. Anthu analemba, abale. Ena analemba zotsutsa amene analemba. Ena analemba zotsutsa otsutsawo.

Bandulo yanga ndi yoonda, ndiye sinditsitsira chilichonse mu laputopu. Laibulaleyi ili ndi nzeru yake: mkati mwa akaunti muli kashelefu, ukaona nkhani yabwino umangoikankhira mmenemo kuti udzawerenge mofatsa. Ndakankha, ndakankha, mpaka batire yatha.

Zimene ndawerenga lero: palibe. Koma potsika pachulu ndikumva mutu kulemera.

Lachiwiri

Ndatulukira kuti laibulale ili ndi khalidwe la anthu a m'tauni. Ukangokhala kanthawi osaigwira, imakutulutsa panja n'kutseka chitseko, uyambirenso kugogoda. Amene anaipanga sanapatsidwepo moni ku Rumphi.

Kwathu munthu atha kukudutsa ndi "wawa" basi, nonse n'kukhala moyo. Kuno munthu wopita kuchigayo amatula chimanga pansi. Mwauka bwanji. Nanga kunyumba. Nanga mwana. Nanga kwanu kwenikweni, ku Dedza uko. Nanga chifuwa chija cha mwezi watha. Ndipo sungayankhe uli pamwamba pa chulu munthu wamkulu ali pansi. Umatsika. Laputopu umaisiya pampando poti moni umafuna manja onse awiri. Umapinda mawondo, n'kuyankha m'chinenero cha kuno kuti uli bwino, zikomo. "Makora, yewo, yewo chomene." Nawenso ufunse zonsezo mobwezera, kupanda kutero ndiwe mwana wosaleredwa.

Pokwera, chitseko chatsekedwa. Pasiwedi. Kagudumu kakuzungulira, kakuzungulira. Katseguka. Munthu uja akubwerera kuchigayo ndi ufa pamutu, ndipo tsopano ndi nthawi ya moni wa masana, umene ndi wosiyana ndi wa m'mawa.

Njira zimene ndayesa:

Kuvala mahedifoni. Pasanathe nthawi kwabwera nthumwi ya amayi a mvano kudzafunsa ngati ndalandira uthenga woipa.

Kufulatira njira. Akuzungulira chulu.

Kudzifunda chitenje pamodzi ndi laputopu, ngati ojambula zithunzi akale. Iyi inayamba bwino. Nditavundukula ndapeza amayi angapo atagwada pansi pa chulu, maso ali chitsekere. Amayesa ndikupemphera, ndiye anati asandisiye ndekha. Ndanena "Ameni." Ndikanatani?

Kashelefu kakudzaza ndithu. Mitu ya nkhanizo ndi yokoma kwambiri moti kuwerenga zam'kati kukuoneka ngati kukayikira alembi ake.

Madzulo. Adutsa a Mhango. Awa ndi ahedi opuma, mkulu wa mpingo, ndiponso eni nyumba imene ndimakhala. Boma litanditumiza kuno, ndinatsika basi ndi chikwama ndi ndowa, pasukulu nyumba palibe. Ndi iwo amene anatsegula nyumba ya malemu mlongo wawo n'kunena kuti mphunzitsi sagona m'kalasi. Aima, ayang'ana m'mwamba.

"Mwana wane, ndamva kuti laibulale yonse ya ku yunivesite mwaiika pachulu."

Ndawafotokozera, mwina monyadira pang'ono. Agwedeza mutu. "Mawa ndibwera ndidzaone."

Lachitatu

Abwera atavala taye, atanyamula mpando wawo.

Ndikuwaonetsa mmene munthu amafufuzira. Amvetsera ngati mmene amamvetsera ana a Sande sukulu, mopirira. Kenako: "Lembani Mhango."

Ndalemba. Mayo ine. A Mhango atuluka ngati ngumbi. A zaulimi, a zamalamulo, a zamankhwala, a zamiyala. Nkhalamba yavula magalasi, yapukuta, yavalanso. Sakufuna kudziwa kuti analemba chiyani. Akufuna kudziwa kuti ndi ana a ndani.

Chawakwiyitsa n'chakuti laibulale imalemba dzina la mtundu, kenako chilembo chimodzi. "Mhango, K. Kodi K. ndiye chiyani? Kondwani? Khumbo? Wa mudzi uti? Munthu kulemba buku lathunthu osatchula adada ake! Sukulu yanuyi ikupita kuti?"

Ndayesa kunena kuti ndi mmene ophunzira amalembera padziko lonse. Akuti dziko lonse likhoza kulakwa, si koyamba.

Tayenda nawo mmodzimmodzi. Uyu ndi mdzukulu wa amene ankaimba belu kumishoni ya paphiri. Uyu agogo ake anabwereka ng'ombe osabweza. Uyu sangakhale Mhango weniweni, Chingerezi chake n'chofooka. Titamaliza a Mhango tayamba a Gondwe, poti ndi akwawo kwa amayi awo.

Dzuwa lafika pamutu, tsiku langa lomaliza la kuwerenga likupsa ndikuona. Kenako iwo okha, mwaulemu wonse:

"Ine ndikukutayirani nthawi, mwana wane. Kiyi ameneyu ingondiikirani mufoni, ndizikafufuza ndekha pakhonde."

Foni ali nayo yaikulu, anawatumizira mwana wawo wa ku Joni, ndipo kwawo n'kumtunda, netiweki imafika mpaka kukhitchini.

Ndalingalira mwaukatswiri, monga munthu wa ku yunivesite. Meseji inati musapatse wina aliyense. Kodi a Mhango ndi wina aliyense? Wina aliyense amakupatsa nyumba? Wina aliyense amakutumizira mkaka m'mawa uliwonse ukadwala? Komanso, kunena zoona, ndikufuna chulu changa.

Ndawaikira. Akuti foni siyodalirika, chinthu chofunika chimasungidwa m'mutu. Ndiye aiwerenga mokweza, chilembo ndi chilembo, n'kubwereza, n'kubwerezanso, ndi mawu aja ankaphunzitsira ana kuchulukitsa. Pansi pa chulu pamadutsa anthu.

Madzulo. Ufulu! Ndakankhiranso nkhani zina m'kashelefu pokondwerera. Kuwerenga ndakusamutsira mawa. Ndikhoza kuwerenga ndi dzanja lamanzere, kulemba ndi lamanja.

Lachinayi

Chodabwitsa: lero anthu akudutsa mwakachetechete. Moni wamfupi, kuwerama pang'ono, ulemu wa mtundu wina. Ndafika potchuka.

Ndapezanso chida china chimene laibulale imapereka, chokonzera mndandanda wa mabuku a kumapeto kwa kafukufuku. Umangodina, chokha chimayala maina motsatira alifabeti, madontho onse pamalo pake. Ndasewera nacho m'mawa wonse. Mndandanda wanga ndi wautali, wokongola, woopsa. Mutu wachiwiri weniweniwo uli ndi mawu awa: "Mutu Wachiwiri." Ndasintha kalembedwe ka zilembo zake kangapo. Tsopano akuoneka ngati a munthu wodziwa chimene akuchita.

Masana. Pobwera kudzatchaja laputopu ndapeza pakhomo mkoko wa nthochi. Wabweretsa ndani, sindikudziwa. Kenako bambo wina amene sindinamuonepo wafika ndi nkhuku, miyendo yomanga.

"Ya a Madamu. Mbuzi zanga zayamba kudya. Yewo chomene."

Ndalandira ndi manja awiri. Mwina ndi kholo la mwana wina, mwina uphunzitsi wayamba kulemekezedwa m'dziko muno. Nkhukuyo ndapha, ndakazinga, ndadya. Pamene ndikutsuka mbale, kondakitala wa minibasi waima pamsewu n'kutumiza usipa wokulunga m'pepala, akuti wachokera ku Chitimba.

Madzulo. Ndakwera pachulu, ndatsegula kashelefu kuti tsopano ndiwerenge, zenizeni.

M'kashelefu kanga muli izi:
matenda a m'mimba a mbuzi;
kaumitsidwe ka nsomba zazing'ono;
nthenda ya shuga mwa okalamba;
tizirombo ta fodya;
ndemanga zambirimbiri za buku la Ahebri.

Wina watsegula chigawo chake n'kuchitcha "Vya ku Chiweta." Wina wasanja nkhani zanga zonse mwatsopano, osati potengera mutu, koma mtundu wa mlembi. A Mhango pamwamba, a Gondwe pambuyo pawo, azungu onse pansi pa dzina loti "Alendo."

Ndaseka mpaka kampando kapendekeka. Ine, mwana wa ku Dedza, ndatsegulira boma lonse la Rumphi yunivesite. Chipilala changa adzachimange pachulu pompano.

Nzeru ikuti ndisinthe pasiwedi pompano. Ndi kudina kawiri basi. Koma kusintha loko wa chinthu chimene wabwereketsa munthu wamkulu, osamuuza, n'chimodzimodzi kumutcha wakuba pamsika. Ndiponso nkhuku ija ndadya kale. Mawa m'mawa ndipita kwa a Mhango, ndikakambe mwaulemu, ndibwere ndisinthe. Nkhani ya mphindi zochepa.

Lachisanu

Kwa a Mhango munthu sufikira pa nkhani. Moni pakhonde. Moni winanso utakhala pansi, poti woyamba uja unali wa chiimire. Amama Nyachirwa, akazi awo, abwera ndi tiyi ndi chinangwa. Afunsa za Tadala, akuti mwana ameneyu adzamuone asanafe. Ndati chaka chamawa, amama, popanda chovuta.

Ndakonza mawu anga bwinobwino: "Adada, za kiyi uja." Ndangofika pamenepo.

"Wagwira ntchito chomene, mwana wane. Ine sindinamwaze ayi. Ndinangopatsa abusa, poti akukonza ulaliki. Ndi mlamu wanga wa ku Chiweta. Ndi mnyamata wanga ku Joni, naye akuchita kasukulu ka madzulo. Enawo anapatsana okha."

Ndati ku laibulale amaletsa.

Andiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mchere ukabwereketsa umachepa. Khasu limatha mano. Koma uyu, ine ndawerenga, abusa awerenga, inu chachepa n'chiyani? Chinthu chosatha, kuchimana ndi tchimo."

Zaka zonse zimene ndakhala pa yunivesite zaima m'mutu mwanga n'kuyang'ana pansi. Ndamva pakamwa panga pakunena kuti "Yewo, adada." Andithira tiyi wina. Andiperekeza mpaka kumsewu, n'kuima, n'kundiperekezanso.

Masana. Pachulu. Ndatsimikiza mtima: ndisintha, zopepesa pambuyo.

Pasiwedi. Kagudumu. Zilembo zofiira: "Akaunti yanu yatsekedwa chifukwa cha kagwiritsidwe ntchito kokayikitsa. Bwerani nokha ku laibulale ndi chiphaso chanu."

Ndayesanso. Ndazimitsa, ndayatsa. Ndasuntha kampando. Ndapukuta laputopu ndi chitenje, ngati vuto ndi fumbi.

Kashelefu kali mkati. Zonse zimene ndakankha kuyambira Lolemba zili mkati, pamodzi ndi mbuzi ndi Ahebri. Mu laputopu yangayi muli mndandanda wokongola wa mabuku amene sindinatsegule, ndi mawu awiri.

Palibe kudandaula. Mawa laibulale imatsegula mpaka masana. Ndikalawira, ndikamwetulire, anditsegulire, ndilembe Loweruka ndi Lamulungu osadzuka pampando. Anthu amamanga nyumba ya maliro tsiku limodzi.

Loweruka

Minibasi yochokera ku Chiweta. Yadzaza, koma kondakitala akuti anthu ndi amene sanakhale bwino. Ndapanikizika pakati pa dengu la usipa ndi bambo wa jekete lachikopa. Palibe akundidziwa.

Bambo wa jekete akulimbana ndi foni yake. Wadandaula kwa galimoto yonse: "Kiyi wa Madamu uja wafa."

Kumbuyo mayi wina: "Kwathunso kuyambira dzulo. Mwana wanga anali pakati pa zaunamwino."

"Sanafe. Watseka dala. Waona kuti anthu tayamba kupindula."

"Anthu obwera ndi choncho. Akufuna tizilipira."

"Ndamva kuti analandira mbuzi."

Nkhuku yakula msanga. Bambo wa jekete watembenukira kwa ine: "Kapena ndikunama, mayi?" Ndati anthu ena ndi ovuta ndithu. Tagwirizana kuti Madamu ameneyo sadzapita patali.

Kutauni ndafika dzuwa litakwera. Pa desiki ya laibulale pali mayi wa magalasi, wodekha ngati namwino wa kuchipinda cha odwala kwambiri. Ndapereka chiphaso, ndamwetulira monga ndinakonzera. Wayang'ana pa kompyuta nthawi yaitali.

"Ndinu inuyo? Timafuna tikuoneni. Lachinayi masana munali ku Henga, ku Chiweta, ku Chitimba ndi ku Joni nthawi imodzi. Mumayendera ndege ya mtundu wanji, mayi?"

Anzake awiri abwera kudzandiona. Mmodzi wafunsa ngati mbuzi zinachira.

Ndafotokoza za a Mhango, za nyumba, za mchere ndi khasu. Wamvetsera mpaka kumapeto, ndipo ndikuona kuti akumvetsa, mwina nayenso ali ndi a Mhango ake. Koma akuti eni ake a nkhanizo, akunja, anaopseza kutsekera yunivesite yonse, ndiye akaunti yanga sangaitsegule yekha. Itsegulidwa ndi komiti. Komiti ikhala sukulu ikatsegulira.

"Mabuku a pashelefu mukhoza kuwerenga mpaka titseke."

Nanga kubwereka?

"Kubwereka kumayendera akaunti."

Ndalowa. Ndapeza buku limodzi lokhudza nkhani yanga, lachikuto chong'ambika. Ndakhala pansi. Palibe wondipatsa moni, palibe kagudumu. Ndawerenga masamba angapo, oyamba sabata yonse ino, ndipo ndi abwino, abale, munthuyu akunena zimene ndakhala ndikufuna kunena. Ndikutulutsa cholembera, mlonda wayamba kutseka mawindo.

Panja ndalembera a Dokotala meseji yaitali, yaulemu, yokhala ndi ndime, yopempha masiku ena. Yankho labwera ndisanafike pa depoti: "Pepani. Lamulo ndi la onse. Tionana ndi gulu la chaka chamawa."

Pobwerera ndakhala pawindo. Ndagula chimanga chootcha. Chinali chokoma, zimenezo sindinama.

Lamulungu

Ndavala nsapato zafulati. Benchi yapakati.

Ulaliki wachokera m'buku la Ahebri, ndipo kunena chilungamo, abusa sanalalikepo chonchi chibwerereni ine kuno. Atchula mpaka mawu a Chigiriki. Amayi a mvano amangoyang'ana kwa ine n'kumagwedeza mitu.

Pa zolengeza, a Mhango aimirira, akonza taye. Athokoza "mwana wathu Madamu, amene watsegula maso a chigwa chino," n'kupempha mpingo kuti ukumbukire m'mapemphero kiyi wake, amene wafooka pang'ono. Panja aliyense wandigwira dzanja. Moni walandira ndime yatsopano: mwauka bwanji, nanga kunyumba, nanga mwana, nanga pasiwedi. Ndikuyankha kuti ikupezako bwino.

Sindinawauze a Mhango za a Dokotala. Adzamva chisoni, adzabwera ndi nthochi, adzafuna kulembera yunivesite kalata ya Chingerezi chakale. Iwo anachita zimene akhala akuchita moyo wawo wonse, ndipo mwa zimenezo ndi mmene ine ndinapezera pogona.

Masana. Ndaimbira Chrissy. Ndamufotokozera zonse mwanthabwala, ndege, mbuzi, bambo wa jekete, waseka mpaka kutsokomola. Kenako ndanena kuti Tadala akhalabe komweko chaka china.

"Palibe vuto, achemwali. Mwana ndi wathu tonse. Yunifolomu ndidzamusokera konkuno." Wanenanso kuti dzino loyamba la Tadala linagweruka Lachitatu, analira pang'ono, kenako anayenda mudzi wonse kuonetsa anthu. Ndamva akuitana: "Tadala, bwera ulankhule pafoni."

Patali, kamawu: "Ndani, amama?"

Sindinamve chimene Chrissy wayankha. Ndangomva Tadala akuuza mnzake wosewera naye: "Dikira kaye, ndilankhule ndi amama a ku Rumphi."

Wandipatsa moni bwinobwino, ngati mwana woleredwa. Muli bwanji. Ndili bwino, kaya inu. Ndamufunsa za dzino, wati lili bwino. Ndamufunsa ngati akundisowa, wati eya, zikomo. Kenako wafunsa Chrissy ngati angapite tsopano.

Sabata ino ndikanakhala ku Dedza. Dzino limenelo ndikanaligwedeza ndine. Ndakhala pakhonde kufunafuna mmene ndingalembere zimenezi moseketsa, ndipo sindikupeza.